Ndikufuna milamba yanga iziswana m'thanki ya m'nyumba, ndiyambire pati?

Funso: "Zikomo. Ndakhala ndikusunga nsomba zokongoletsa m'nyumba kwa chaka ndi theka, m'thanki yagalasi ya malita 60, ija ena amati aquarium. Tsopano mtima wanga uli pa tinsomba ta ndevu ta mtundu wa milamba, ndipo ndikulakalaka kutiona tikuikira mazira ndi kuswa ana. Ndinagula titatu n'kutiika pamodzi ndi nsomba zina zija, koma papita miyezi popanda chochitika, ndipo kamodzi mwa titatuto ndevu zake zatha. Ndisanatayenso ndalama, ndithandizeni: ndisankhe mtundu uti, thanki ikhale yaikulu bwanji, muikidwe chiyani, nanga ana akabadwa ndiwasamale motani?"

Yankho: Mtima ukhale m'malo, palibe chachikulu chimene mwalakwitsa. Nsomba zitatu kukhala miyezi osaikira mazira ndi nkhani ya masiku onse. Mwina zonse ndi zazimuna, mwina sizinakhwime, mwinanso ndi za mtundu umene suswana m'thanki ngakhale mutausamala bwanji. N'zothekanso kuti zinaikira kale kangapo, koma nsomba zina zija zinadya mazirawo inu musanadzuke. Za ndevu zakuthazo tifikako, chifukwa zikutiuza kanthu za mmene pansi pa thanki yanu palili.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti pokonzekera muyambire kumapeto. Ambiri amagula thanki, kenako nsomba, ndipo tsiku limene aona mazira pagalasi m'pamene amayamba kuthamangathamanga kufuna pooika ndi chodyetsa ana. Kuikiritsa mazira sikuvuta kwenikweni. Pamene pamafera nsomba zambiri ndi m'masabata awiri oyamba a tianato. Choncho musanagule kanthu, dziwani mtundu umene mukufuna, kumene mazira adzaswere, chimene tiana tidzadye tsiku lachitatu, ndi kumene tidzakulire tikafika 80 kapena 100.

Tiyambe ndi mtundu. Dzina lakuti mlamba likuphimba banja lalikulu la nsomba za mitundu yoposa 3,000, ndipo yambiri siyoyenera m'nyumba. Mlamba waukulu wa mu Africa, Clarias gariepinus, umatha kupitirira mita imodzi kutalika, ndipo alimi amene amauswetsa amaubaya mankhwala a mahomoni n'kufinya mazira ndi manja. Imeneyo ndi ntchito ya kumadamu ndi mathanki akuluakulu. Nsomba za Pangasius, zimene zimagulitsidwa zili tating'ono tonyezimira, nazonso zimakula kuposa mita. Pleco wamba uja amene anthu amagula kuti azinyambita ndere pagalasi amafika masentimita 40 kapena kuposa, ndipo kwawo amaikira mazira m'maenje amene amakumba m'gombe la mtsinje. Zonsezi zisiyeni.

Imene imaswana mosavuta m'nyumba ndi iwiri, ndipo yonse ndi yochokera ku South America. Woyamba ndi Corydoras, tinsomba ta masentimita 5 mpaka 7 tokonda kuyenda pagulu pansi pa madzi, makamaka Corydoras aeneus ndi Corydoras paleatus. Mu 2024 akatswiri anasintha mayina a sayansi a mitundu yambiri ya gululi, koma ogulitsa akuitchulabe ndi mayina akalewa, ndiye ndi amene muzifunsira. Wachiwiri ndi Ancistrus, pleco wamng'ono wa masentimita 10 mpaka 13, amene yaimuna yake imamera tinyanga tofewa pamphuno. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimasankha Corydoras aeneus. Imapirira madzi osiyanasiyana, imaikira mobwerezabwereza, ndipo zonse zimachitika poyera, inu mukuona. Zambiri zimene ndifotokoze zikhala za iyoyo, ndipo za Ancistrus ndinenapo padera.

Mufunika zosungiramo madzi zitatu. Thanki yanu ya malita 60 ija isiyeni ndi nsomba zimene zilimo, ili ndi ntchito ina imene ndikuuzani posachedwa. Yoyamba ndi thanki ya makolo: masentimita 60 mulitali, 30 mulifupi, 30 kuya, imene imalowa malita 54. Nsombazi zimakhala pansi, choncho chofunika ndi kukula kwa bwalo la pansi, osati kutalika kwa madzi. Thanki yayitali yopapatiza ndi kutaya malo. Chachiwiri ndi kachidebe koyera ka pulasitiki ka malita 5 mpaka 10 koswetsera mazira, kamene sikanalowemo sopo. Yachitatu ndi thanki yokuliramo ana, ya masentimita 90 ndi 40 ndi 30, imene ndi malita opitirira pang'ono 100. Yachitatuyi ndi imene anthu amaiiwala, koma ndi imene imapangitsa kuti ana akule msanga ndi mofanana.

Ganiziraninso kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 54 ikadzaza, kuphatikiza galasi ndi mchenga, imayandikira makilogalamu 70. Tebulo lake likhale lolimba ndi losapendekera, ndipo pakati pa galasi ndi tebulo muyalepo chofewa chopyapyala, monga polystyrene, kuti kamwala kamodzi kotsalira pansi kasang'ambe galasi. Malo ake akhale osafika dzuwa mwachindunji, kutali ndi chitseko chimene chimamenyetsedwa ndiponso ndi zokuzira mawu. Nthambo iliyonse yamagetsi izilendewera kaye pansi pa soketi isanakwere kukalowa, kuti dontho la madzi loyenderera panthamboyo lidonthere pansi m'malo molowa m'soketi.

Tsopano za pansi pa thanki, kumene kuli yankho la ndevu zija. Corydoras imadya mwa kulowetsa mlomo m'mchenga, n'kuusefa, n'kuutulutsira m'mbali mwa mutu. Ikakhala pa timiyala takuthwa, ndevu zimakalika. Ndipo pakati pa timiyala pamabisala zotsala za chakudya zimene zimaola, mabakiteriya n'kulowa m'timabala tija, ndevu n'kumatha pang'onopang'ono. Nthawi zambiri zifukwa ziwirizi zimayendera limodzi. Musaitenge mopepuka nkhaniyi, chifukwa ndevu ndi zimene nsombayi imapezera chakudya, ndipo pokwerana yaimuna imagwira yaikazi pandevu pomwepo. Ikani mchenga wosalala, wa timbewu ting'onoting'ono, wokhuthala sentimita imodzi kapena awiri basi. Ukakhuthala kwambiri, mkati mwake mumasowa mpweya ndipo mumayamba kununkha ngati dzira lovunda. Muutsuke m'ndowa mpaka madzi atayera. Nsomba yanu ija mukaisamutsira pamchenga wotere ndi m'madzi aukhondo, ndevu kawirikawiri zimaphukanso, pokhapokha ngati zinatha mpaka patsinde.

Fyuluta (chosefera madzi) yoyenera ndi ya siponji, yoyendera pampu ya mpweya. Siimeza tiana, imalowetsa mpweya m'madzi, ndipo pasiponjipo pamamera tizamoyo tosaoneka ndi maso timene ana amatola. Gulani masiponji atatu, pampu imodzi yamphamvu, kapaipi ka mpweya kokwanira, ndi timavavu togawira mpweyawo. Pampu ikakhala m'munsi mwa madzi a m'thanki, ikani pakapaipi kavavu koletsa madzi kubwerera, apo ayi magetsi akazima madzi amatsetsereka kulowa m'pampu mpaka pansi pa nyumba. Hita ikhale yodzizimitsa yokha ikafika pamlingo, ndipo kawerengedwe kake ndi wati imodzi pa lita imodzi, kutanthauza mawati 50 pa thanki ya makolo ndi 100 pa yokuliramo. Musakhulupirire manambala olembedwa pahita, ikani temometa yapadera mbali ina ya thanki. Madigiri 24 mpaka 25 ndi abwino kwa aeneus. Paleatus ndi Corydoras panda zimakonda kozizirirapo pang'ono, pamene Corydoras sterbai imafuna kofundirapo.

Chivundikiro chikhalepo, koma musadzaze madzi mpaka pakamwa. Siyani mpata wa masentimita atatu kapena anayi. Corydoras nthawi ndi nthawi imathamangira pamwamba kukameza mpweya, umene imaugwiritsa ntchito kudzera m'matumbo. Ikamatero mwa apo ndi apo, ndi chilengedwe chake. Koma zonse zikamakwera mphindi iliyonse, dziwani kuti m'madzimo mwachepa mpweya kapena mwalowa poizoni. Zina zoika ndi zochepa: kamphika kadothi kogoneka cham'mbali kobisalamo, chomera cha masamba aakulu monga Anubias kapena Java fern, ndi mpukutu wa ulusi wa acrylic wobiriwira, wodula masentimita 20, womangirira ku chinthu choyandama. Nsomba zimakonda kumata mazira paulusiwu, ndipo kuwachotsa pamenepo n'kosavuta. Thanki yoswetsera isadzaze ndi zokongoletsa, mufunika kuona paliponse.

Apa pabwera gawo lofuna kudekha. Thanki yatsopano, ngakhale madzi ake ayere ngati galasi, siyokonzeka kulandira nsomba. Nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza msanga ndipo amachoka posintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Inu muli ndi mwayi, chifukwa muli kale ndi thanki yokhwima. Ikani masiponji atsopano aja m'thanki ya malita 60 ija, aziyenda mmenemo kwa mwezi wathunthu, kenako muwasamutse ali onyowa tsiku lomwelo limene nsomba zikulowa. Chitani zimenezi pokhapokha ngati m'thanki yakaleyo mulibe matenda. Siponji ikada, ifinyeni m'madzi ochokera m'thanki momwemo. Madzi a pampopi okhala ndi klorini amapha mabakiteriya aja, ntchito ya mwezi wonse n'kupita pachabe.

Gulani zoyezera madzi za madontho, zoyeza amoniya, nitrite, nitrate ndi pH (mlingo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi). Amoniya ndi nitrite zikhale pa 0 nthawi zonse, nitrate asapitirire mamiligalamu 20 pa lita, ndipo pH ya pakati pa 6.5 ndi 7.5 ndi yabwino. Ngati madzi anu ali pa 7.6 kapena 7.8 koma osasinthasintha, asiyeni choncho. Aeneus imaswana m'madzi otere, ndipo mankhwala otsitsa pH amaononga zambiri kuposa zimene amakonza, chifukwa mlingo umakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Madzi a pampopi muziwathira mankhwala ochotsa klorini. Kuwagoneka m'ndowa usiku ndi usana kumachotsa klorini wamba, koma sikuchotsa chloramine, amene madera ena amathira m'madzi akumwa.

Pogula makolo, musagule awiri okha. Gulani zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu za mtundu umodzi, ndipo cholinga chikhale zazimuna ziwiri pa yaikazi iliyonse. Kuti musiyanitse, ziyang'anireni kuchokera pamwamba: yaikazi ndi yokulirapo ndi yotakata pamimba, yaimuna ndi yaing'ono ndi yowonda. Zikakhala zazing'ono kwambiri sizisiyanitsika, n'chifukwa chake kugula gulu kumathandiza. Zambiri zimakhwima zikayandikira chaka chimodzi. Sankhani za ndevu zathunthu, za mimba yosaphwa, za maso osalowa mkati. Ngati n'kotheka, zina zichokere kwa woweta wina, kuti musakweretse za mimba imodzi zokhazokha. Musasakanize mitundu m'thanki yoswetsera, chifukwa ina yoyandikana imakwerana n'kubala ana osadziwika mtundu. Nsomba zatsopano zikhale pazokha masabata atatu kapena anayi mukuziyang'anira. Thanki yokuliramo ana ija, poti idakali yopanda kanthu, ingagwire ntchito imeneyi. Pozigwira, gwiritsani kapu kapena kachidebe. Zipsepse zake zili ndi minga imene imakodwa m'kaukonde, ndipo ikakubayani imawawa ngati mbola.

Zikakhazikika, zidyetseni bwino kwa masabata awiri. Chakudya chouma chomira pansi chikhale maziko, koma chimene chimadzaza mazira m'mimba ndi chakudya cha nyama: bloodworms (timphutsi tofiira ta m'madzi) za mufiriji, daphnia (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi), kapena nyongolotsi zodula tizidutswa zochokera m'dothi losathiridwa mankhwala. Dyetsani kawiri patsiku, ndipo chachikulu chikhale chamadzulo. Chimene chatsala pakatha theka la ola, chichotseni. Mudzaona zazikazi zikufufuma m'mbali.

Kwawo nsombazi zimaswana mvula ikayamba, pamene madzi atsopano ozizira alowa m'mitsinje. Inu mukopera zomwezo. Chotsani madzi okwana 30 mpaka 50 pa 100 alionse, n'kuthiramo atsopano ozizirirapo, kuti thanki itsike ndi madigiri awiri kapena atatu, mwachitsanzo kuchoka pa 25 kufika pa 22. Onjezerani mpweya kuti madzi aziyenda, ndipo hita iwabwezeretse yokha pang'onopang'ono. Chitani madzulo, chifukwa kawirikawiri zimaikira m'mamawa. Zikapanda kuikira, bwerezani tsiku lotsatira, mpaka masiku anayi kapena asanu. Zikakanabe, lekani, zidyetseninso masabata awiri, kenako muyesenso. Oweta ambiri amaona kuti zimavomera msanga kunja kukamachita mitambo ya mvula, ndiye ngati mungathe, gwirizanitsani ndi nyengo yotero. Musatsitse ndi madigiri asanu kapena kuposa nthawi imodzi poganiza kuti mufulumizitsa. Kuzizira kwadzidzidzi kumafooketsa nsomba ndipo kumatsegulira khomo matenda a timadontho toyera.

Tsiku lake mudzalidziwa. Zazimuna zimathamangitsa yaikazi thanki yonse, kenako imodzi imaima mopingasa kutsogolo kwa mutu wa yaikazi, ziwirizo n'kuoneka ngati chilembo cha T. Yaikazi imatulutsa mazira ochepa, awiri mpaka anayi, n'kuwafumbata m'zipsepse za pamimba, n'kupita kukawamata pagalasi, patsamba kapena paulusi uja. Ofufuza a ku Japan anasonyeza mu 1995 kuti yaikazi ya aeneus imameza umuna, umene umadutsa m'matumbo mofulumira n'kukatulukira pamazirawo. Zimabwereza chonchi kwa maola angapo, ndipo yaikazi yokhwima bwino imatha kuikira mazira oposa 100.

Corydoras siisamala mazira ake, ndipo imawadya. Pali njira ziwiri: kuchotsa makolo, kapena kuchotsa mazira. Ine ndimakonda kuchotsa mazira, chifukwa makolo akapanda kusokonezedwa amaikiranso pakapita sabata imodzi kapena awiri. Dikirani ola limodzi kapena awiri kuti alimbe, kenako muwagubuduze pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala chotsuka bwino. Amamatirira pachala, ndipo mumakawamatanso m'mbali mwa kachidebe kaja, motalikirana kuti asakhudzane. Madzi a m'kachidebemo achokere m'thanki ya makolo. Kachidebeko kayandamitseni m'thanki momwemo n'kukapana m'mphepete kuti kutentha kufanane, ndipo muikemo kapaipi kotulutsa thovu pang'onopang'ono pafupi ndi mazira.

Mdani wa mazira ndi chuku. Dzira labwino limasanduka lotuwira ngati khofi wamkaka, ndipo tsiku lachitatu mumaona kanthu kakuda mkati. Dzira lopanda umuna limayera mbuu, kenako limamera ubweya, ndipo ubweyawo umafalikira kwa oyandikana nalo. Oyerawo muziwachotsa m'mawa ndi madzulo. Madontho ochepa a mankhwala oletsa chuku otchedwa methylene blue, ongokwanira kuti madzi aoneke obiriwira mopepuka ngati thambo, amathandiza. Mankhwalawa muwathire m'kachidebe mokha, chifukwa m'thanki amapha mabakiteriya a m'fyuluta, ndipo muwachepetse posintha madzi pang'ono tsiku lililonse kuti ana poswa apeze atatsala pang'ono kutha. Amene safuna mankhwala amaponyamo kachidutswa ka tsamba louma la mtengo wa Terminalia catappa. Mazira oyamba a nsomba zazing'ono akayera pafupifupi onse, musataye mtima, kawirikawiri zazimuna zimakhala zisanakhwime ndipo ulendo wachiwiri kapena wachitatu zimakonzeka.

Pa madigiri 24 mpaka 25 mazira amaswa pakapita masiku atatu mpaka asanu. Tiana timatuluka ndi kathumba ka chakudya pamimba, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu sitidya kanthu. Musathire chakudya nthawi imeneyi, chimangoola. Kathumba kakaphwa, yambani ndi microworms (tinyongolotsi ting'onoting'ono kwambiri) kapena chakudya cha ufa cha ana a nsomba chonyowetsa kuti chimire, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu onjezerani brine shrimp (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi amchere) zongoswa kumene. Zimenezi mumaswetsa nokha. Dulani pansi pa botolo la pulasitiki la malita awiri, liimikeni chadodolido, thiranimo lita imodzi ya madzi ndi magalamu 25 mpaka 30 a mchere wopanda ayodini, theka la supuni yaing'ono ya mazira a brine shrimp, ndi kapaipi ka mpweya kofika pansi. Pa madigiri 26 mpaka 28 amaswa m'maola 24 mpaka 36. Mukazimitsa mpweya kwa mphindi zisanu kapena khumi, makoko amayandama ndipo tizilomboto timasonkhana pansi. Tikokeni ndi kapaipi, titsukuluzeni ndi madzi opanda mchere, n'kudyetsa tsiku lomwelo tisanathe mphamvu. Khalani ndi mabotolo awiri osinthanasinthana, ndipo muyeserere kuswetsa kumeneku nsomba zisanaikire n'komwe. Kamwana kamene kadya kamaoneka ndi mimba yofiirira ngati lalanje.

Dyetsani katatu kapena kanayi patsiku, pang'onopang'ono. Ndipo apa m'pamene pagona ntchito yonse: tianati timagona ndi mimba pansi, ndiye pansi pakachita utelezi wa mabakiteriya, zipsepse ndi ndevu zimawonongeka, ndipo timafa tonse m'masiku awiri popanda chizindikiro china. Tsiku lililonse kokani zinyalala za pansi ndi kapaipi ka mpweya, kukokera m'mbale yoyera kuti kamwana kakapita nawo mukaone n'kukabweza. Pukutani pansipo ndi kaburashi kofewa, kapena muwazepo mchenga wopyapyala wongophimba pansi. Bwezerani madzi okwana 10 mpaka 20 pa 100 alionse, ofanana kutentha ndi amene alimo, ndipo azilowa modontha. Madzi ozizira aja anali a makolo okha, ana samawapirira. Pakatha masabata awiri kapena atatu, asamutsireni m'thanki yaikulu, imene poyamba mungaidzaze theka lokha kuti asavutike kupeza chakudya ndi kukwera pamwamba. Mukamasintha madzi kawiri pasabata, pomatha miyezi iwiri kapena itatu amafika masentimita awiri ndi theka kapena atatu, msinkhu woti angapite kwa oweta ena. Ana akamakula mosiyana kwambiri, kawirikawiri ndi kuthithikana.

Mukasankha Ancistrus, zambiri mwa izi sizisintha, koma kaleredwe ndi kena. Thanki ikhale ya malita 80 mpaka 100, yaimuna imodzi ndi yaikazi imodzi kapena ziwiri, popeza zazimuna ziwiri zimamenyanirana malo. Chofunika kwambiri ndi phanga: kachubu kadothi kotseka mbali imodzi, kotalika pafupifupi masentimita 15, kongokwanira kuti yaimuna ilowe n'kutseka khomo ndi thupi lake. Phanga lotakasuka imalikana. Muikenso chikuni chimene chakonzedwera m'thanki, chifukwa nsombayi imakonda kuchipala. Yaikazi imaikira mulu wa mazira achikasu kapena ofiirira mkatimo n'kuchoka, yaimuna n'kutsala ikuwakupiza ndi zipsepse usana ndi usiku, osadya kwenikweni. Musaiunike ndi tochi kawirikawiri, ikachita mantha imakankhira mazira kunja. Amaswa pakatha masiku asanu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ana amatuluka m'phanga kathumba kawo kakatha. Amadya nkhaka, zukini kapena zitheba zofutsa pang'ono m'madzi otentha, zimene muzichotsa zisanathe maola 24. Chakudya cha nyama chikachuluka, Ancistrus imatupa mimba. Ndipo iyi imaswana mosalekeza, ndiye ganizirani msanga kumene ana adzapite.

Mwina mudzamvanso za Synodontis multipunctatus ya m'nyanja ya Tanganyika, imene imasakaniza mazira ake ndi a nsomba zina zolerera ana m'kamwa, ana ake n'kuswa msanga ndi kudya a mwini kamwa. Ndi yochititsa chidwi zedi, koma imafuna madzi a pH yokwera, thanki yaikulu ndi gulu la nsomba zoilerera. Ikhale ya mtsogolo.

Konzekeraninso za kuzima kwa magetsi. Kapampu ka mpweya ka mabatire n'kofunika kuposa chokongoletsa chilichonse, chifukwa mpweya ukasiya, nsomba ndi mabakiteriya a m'siponji zimavutikira limodzi. Fundikani thanki ndi bulangete kuti isazizire msanga, ndipo musadyetse mpaka magetsi atabwera. Pa za mankhwala, chenjerani. Nsomba za banjali zilibe mamba ngati nsomba zina, ndipo sizipirira bwino mankhwala okhala ndi kopa kapena malachite green, ngakhalenso mchere wambiri. Werengani zimene opanga alemba zokhudza nsomba zopanda mamba musanathire kanthu. Nsomba zikayamba kuoneka zofooka, choyamba ndi kuyeza madzi ndi kusintha theka lake, chifukwa mavuto ambiri amachokera kumeneko.

Ana akachuluka n'kusowa owatenga, lekanitsani zazimuna ndi zazikazi kapena chotsani phanga. Musatayire nsomba za m'thanki mumtsinje, m'dambo kapena m'nyanja. Ma pleco otayidwa motere akhazikika m'mitsinje ya ku Florida, Mexico ndi Philippines, kumene akugumula magombe ndi maenje awo ndi kupikisana ndi nsomba za komweko.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Funani dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba, kapena woweta amene wakhala pantchitoyi zaka zambiri, ngati nsomba zikufa motsatizana pamene amoniya ndi nitrite zili pa 0, ngati pamimba pali mabala ofiira kapena zilonda, ngati nsomba ikudya koma ikuwondabe, ngati ikuzungulira kapena kulephera kumira, komanso ngati ana akufa pa msinkhu womwewo maulendo atatu otsatizana ngakhale mukusamala pansi. Chimodzimodzinso ngati patha miyezi isanu ndi umodzi nsomba zokhwima, zodya bwino, zisanaikirepo: munthu wozolowera akaziona angakuuzeni ngati muli ndi zazimuna ndi zazikazi zomwe, ndiponso ngati mtunduwo ndi umenedi anakuuzani pogula. Popita kumeneko tengani madzi a m'thanki m'kabotolo koyera, zithunzi za nsombazo zojambula kuchokera pamwamba ndi m'mbali, ndi kabuku kamene mwakhala mukulembamo kutentha, zotsatira za kuyeza madzi, chakudya, ndi masiku amene munasintha madzi. Kabukuka yambani kukalemba tsiku limene mudzaike masiponji aja m'thanki yakale.